Kutsatira gwero la zimene ndinkanyamula m'bokosi la katemera

Lolemba

Ndafika ku Blantyre dzuwa litapendeka, nditayenda pa basi kuchokera ku Ntcheu kudutsa Balaka, Zalewa ndi Lunzu, thumba la mbatata ya kachewere lili pakati pa miyendo chifukwa kondakitala anati kumbuyo kwadzaza. Pa Wenela anadzandichingamira mwana wa achemwali anga, amene ndinamulipirira sukulu kuyambira Fomu 1 bambo ake atatisiya, ndipo lero ndi katswiri wofufuza za kafalidwe ka matenda pakati pa anthu. Kumudzi amangoti ndi dokotala, moti akabwera pa Khirisimasi agogo ake amamuonetsa mawondo otupa, chikhalirecho iye sagwira wodwala ngakhale mmodzi. Ntchito yake ndi kuwerengera: ndani akudwala, akukhala kuti, anayamba liti, amamwa madzi ochokera kuti, nanga amene sanadwale akusiyana nawo pa chiyani.

Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kwa zaka zoposa 30 ndipo ndinapuma mu 2023. M'zaka zonsezo katundu wa m'bokosi langa loziziritsira katemera ndi wa m'kabati ya mankhwala ankasinthasintha. Kunkangobwera uthenga wochokera ku boma woti kuyambira mwezi wakuti tizipereka chakuti, kenaka maphunziro a masiku awiri kapena atatu, basi ntchito n'kuyambika. Sindinafunsepo kuti amene anaona kuti chinthucho n'chothandiza ndani, ndipo anachionera pa ana a yani. Mwezi wathawu mwana wathuyu anandiuza pa foni kuti zambiri mwa zinthu zimenezo zinayesedwa konkuno ku Blantyre, ndipo anati ndibwere ndidzaone malo ake ndi maso. Anawonjezera kuti akulemba mapepala opemphera kukwezedwa pa ntchito, momwe akufunika kuonetsa phindu la kafukufuku wake ndi mayina a anzake amene wagwira nawo ntchito. «Amalume,» iye anatero, «inu ndi amene mungandiuze ngati zimene timapeza kunozi zimafika pa sikelo ya kumudzi.»

Amakhala ku Chitawira. Kunja kukuzizira kwambiri, ndipo phiri la Soche sindinalione chifukwa cha nkhungu.

Lachiwiri

Tinakwera minibasi m'mamawa n'kukatsikira pa Ginnery Corner. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene aliyense kuno amangochitchula kuti Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958, ndipo makonde ake ataliatali olumikiza mawodi amatopetsa miyendo ya munthu wa msinkhu wanga. Panja, odikirira odwala anakhala pa kapinga ndi mabeseni, mafulasiki ndi mitolo ya zitenje. M'mawodi sindinalowe, pakuti odwala si chionetsero. Tinangoyenda m'makonde ndi kuseri kwa nyumba, mwana wathuyu akundiloza apa ndi apo.

Chimene chinandidabwitsa poyamba ndi kuchuluka kwa mabungwe ofufuza amene anamanga mkati mwa mpanda wa chipatalachi kapena moyandikana nacho. Pali bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene linayamba mu 1995 pa mgwirizano wa sukulu yathu ya madokotala, masukulu a ukachenjede a ku Liverpool ndi thumba la Wellcome Trust. Pali ofufuza ogwirizana ndi yunivesite ya Johns Hopkins, amene akhala akutsata za HIV pakati pa amayi ndi makanda kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pali Blantyre Malaria Project ndi Malaria Alert Centre. Sukulu ya madokotalayo, College of Medicine, inatsegulidwa mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi sukulu ya anamwino kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Nkhani imene inandikhazika pansi pa benchi ndi ya malungo ofika ku ubongo. Matenda amenewa ndimawadziwa bwino: mwana amene dzulo amasewera, lero wakomoka, maso atembenuka, ndipo ife tikuthamanga kusaka njinga kapena ngolo. Mu 1989 madokotala a pa chipatala chino, pakati pawo Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, anafalitsa njira yoyezera kukula kwa chikomokere mwa mwana wamng'ono amene sungamufunse dzina lake kapena tsiku monga umachitira ndi munthu wamkulu. Amaona zinthu zitatu zokha: ngati maso a mwanayo akutsatira nkhope ya mayi ake, mmene akulirira, ndi mmene akuchitira ukamutsina. Mwana amene ali maso bwinobwino amapeza 5, ndipo amene wapeza 2 kapena kutsika pamenepo ndiye kuti wakomoka kwenikweni. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo madokotala a ana m'mayiko onse a malungo amaiphunzira ndi dzina lomweli la mzinda wathu.

Koma panatsala funso lalikulu, loti chimene chimapha anawa n'chiyani makamaka. Kuti adziwe, ofufuzawo anayamba kupempha makolo oferedwa kuti awalole kupima mitembo ya ana awo. Pamenepa ndinamuimitsa mwana wathuyu kuti abwerezenso, chifukwa ine ndikudziwa kulemera kwa pempho lotere pa chikhalidwe chathu, mayi akulira, abambo akuganiza za bokosi ndi galimoto yonyamula maliro. Komabe alipo makolo amene anavomera. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2004 zinaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 4 alionse amene ankayesedwa kuti wafa ndi malungo a ku ubongo anali atafa ndi matenda ena, ndipo tizilombo ta malungo tinangopezeka nato m'magazi monga zimakhalira ndi ana ambiri kwathu kuno. Kunapezekanso kuti dokotala akasuzumira mkati mwa diso la mwana wokomoka ndi kagalasi koyezera maso, amatha kuona zizindikiro zosiyanitsa malungo enieni a ku ubongo ndi matenda enawo. Mu 2008 pachipatalapa panafika makina a MRI ojambula ubongo, ndipo pofika 2015 anasonyeza kuti mwa ana 25 amene anamwalira pa kafukufukuyo, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pamene mwa opulumuka kutupa kotere kunapezeka mwa ana 27 pa 100 alionse. Ubongo ukatupa umapanikiza mbali imene imayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Kuchokera pa funso loyamba kufika pa yankho limeneli panadutsa zaka zoposa 25, anthu omwewo akubwerera ku wodi yomweyo nyengo iliyonse ya mvula.

Tisanatuluke anandionetsa khomo la labotale kumene, kuyambira 1998, magazi a odwala otentha thupi amaikidwa m'mabotolo kuti ngati muli tizilombo tichulukane n'kudziwika mtundu wake. Anati ndikumbukire khomo limenelo chifukwa nkhani ya mawa iyambira pamenepo.

Lachitatu

Lero tinali ku Ndirande tsiku lonse. Nyumba zathithikana kuchokera m'munsi mpaka m'chiuno mwa phiri, tinjira take n'tokhotakhota, ndipo ngalande za madzi otsukira mbale zimadutsa pakhomo penipeni pa anthu kutsikira ku mtsinje wa Nasolo. Pa msika ndi phokoso lokhalokha la osula mbaula ndi zidebe. Munthu wongodutsa sangaganize kuti dera limeneli lili m'mabuku a madokotala a dziko lonse lapansi.

Tinayamba ndi nkhani ya kolokwini, imene ine ndinali mboni yake popanda kudziwa mutu ndi mchira. Nditangoyamba ntchito, mu 1993, tinauzidwa kuti kolokwini wasiya kugwira ntchito ndipo odwala malungo azilandira fansida. Dziko la Malawi linali loyamba mu Africa kusintha motero. Anthu kumudzi anadandaula kwa nthawi yaitali, ena ankati fansida satsitsa kutentha thupi msanga, ena ankasowa kuwawa kwa kolokwini kumene ankakuyesa umboni wa mphamvu. Ofufuza a kuno mogwirizana ndi anzawo a ku yunivesite ya Maryland, pakati pawo Christopher Plowe ndi Miriam Laufer, anapitiriza kuyeza tizilombo ta malungo m'magazi a ana a ku Ndirande chaka ndi chaka. Anapeza kuti chizindikiro cha tizilombo tosamva kolokwini, chimene mu 1992 chinkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse, chinatsika kufika pa 13 mu 2000, kenaka n'kusowa. Atamuyesanso kolokwini pa ana a konkuno, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2006 zinaonetsa kuti anachiza ana 99 pa 100 alionse, pamene fansida anachiza 21 okha. Chifukwa chake n'chakuti kachilombo kosamva mankhwala kamakhala kofookerapo pa zinthu zina, ndiye mankhwalawo akachotsedwa, anzake omva mankhwala aja amakaposa pochulukana, monga mmene udzu wakale umabwererera m'munda umene wagonekedwa.

Ndinafunsa chifukwa chimene boma silinangobwerera ku kolokwini, poti ndi wotchipa. Mwana wathuyu anayankha kuti udzudzu ndi anthu sadziwa malire, ndipo m'mayiko oyandikana nafe tizilombo tosamva tija tinali tikadalipo, moti tikanabwereranso msanga. Mu 2007 dziko linasankha LA, amene ndinamupereka kwa ana ambirimbiri pa kliniki yanga ya m'mudzi.

Kenaka tinafika pa nkhani ya taifodi, imene inayambira pa khomo la labotale lija. Kuyambira 1998 mpaka 2010 mabotolo a magazi a pa Gulupu ankasonyeza taifodi mwa odwala pafupifupi 14 pa chaka. Mu 2011 anakwana 67, ndipo mu 2014 anafika 782. Kunali kutalowa mtundu wina wa kachilomboka umene sumva mankhwala atatu amene ankagwiritsidwa ntchito nthawi zonse. Akanakhala kuti sankawerengera m'zaka zija zimene matendawa anali ochepa, palibe akanadziwa kuti zinthu zasintha, pakuti taifodi pa maso amafanana ndi malungo, ndipo ine ndemwe sindikukayika kuti alipo ana amene ndinawaganizira malungo ali ndi taifodi. Ofufuza atafunsa mabanja a odwala ndi a anzawo osadwala, anapeza kuti kuphikira ndi kutsukira madzi a mumtsinje kunali chimodzi mwa zinthu zoika ana pa chiopsezo. Ndinaima pa kamlatho kena n'kuyang'ana pansi: amayi awiri amachapa, mnyamata amatunga m'chigubu, ndipo chakumtunda pang'ono kunali mulu wa zinyalala. Palibe amene amatunga madzi amenewo chifukwa chowakonda. Madzi a pa kiyosiki ndi ogula, ndipo mpopi ukauma mphika sudikira.

Mu February 2018 kunayamba kuyesedwa kwa katemera watsopano wa taifodi ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, motsogozedwa ndi Melita Gordon kuno ndi Kathleen Neuzil wa ku Maryland, katemerayo atapangidwa ndi kampani ya Bharat Biotech ya ku India. Ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 analowa nawo. Theka analandira katemera wa taifodi, theka lina analandira katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo kagawidwe kake kanali ka maere, kotero kuti kholo ngakhalenso namwino wobaya sankadziwa kuti mwana uyu walandira uti. Amachita dala zimenezi kuti pasakhale wokondera powerengera odwala pambuyo pake. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti katemerayu amateteza ana pafupifupi 80 pa 100 alionse amene akanadwala, ndipo patatha zaka zinayi chitetezocho chinali chikadali pa 78.

Pamsika ndinagula tomato kwa mayi wina amene, atamva zimene timakambirana, anati mwana wake wamkazi anabayitsa nawo pa sukulu chaka chimenecho. Ndinawafunsa kuti, «Amayi, simunachite mantha?» Anaseka n'kunena kuti mantha analipo, makamaka kwa abambo a kunyumba, chifukwa panali patangopita miyezi yochepa chichitikireni chipwirikiti cha mphekesera za anamapopa cha mu 2017, chimene chinayambira ku Mulanje n'kufika mpaka mu mzinda uno, anthu ena n'kuphedwa popanda mlandu. Aliyense wotchula za kutenga magazi ankayang'anidwa ndi diso lofiira. Anati chimene chinawalimbitsa mtima n'chakuti amfumu anaitanitsa msonkhano, ofufuzawo anabwera kudzayankha mafunso pamaso pa anthu, ndipo mtsikana amene anadzawawerengera pepala la chilolezo m'Chichewa anali mwana wa mayi wopemphera nawo mpingo umodzi. Anawauza kuti mwana akatentha thupi azithamangira naye kuchipatala kuti akamuyeze magazi. «Ife tinangoti poti ndi ana athu omwe akulemba, tiyeni tione,» anatero, akundiwonjezera tomato mmodzi wa basera.

Mu May 2023 katemera ameneyu anaperekedwa m'dziko lonse kwa ana osafika zaka 15, pamodzi ndi wa chikuku ndi wa poliyo, ndipo tsopano mwana aliyense amamulandira pa miyezi 9. Imeneyo inali kampeni yanga yomaliza ndisanapume. Ndinabaya ana pansi pa mtengo wa mango pa sukulu ina kwathu osadziwa kuti zaka zisanu m'mbuyomo mayi wogulitsa tomato ku Ndirande anakangana ndi amuna awo kuti ine ndidzakhale ndi chobaya. Ndinawauza mayiwo zimenezi, koma anangoti zikomo n'kutembenukira kwa wogula wina.

Lachinayi

Tinapangana zotsikira ku Chikwawa, koma kwacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kosaleka ndi nkhungu yoti sungaone nyumba ya mnzako, ndipo mwana wathuyu anati msewu wokhotakhota wotsetsereka ku chigwa cha Shire si woyendamo nyengo yotere. Ndakhala pa mbaula tsiku lonse, iye akugwira ntchito pa kompyuta ndi kumandifotokozera zina ndi zina.

Ku Chikwawa amafuna akandionetse midzi imene munayesedwa mbaula zamakono zosatulutsa utsi wambiri. Aliyense ankayembekeza kuti zichepetsa chibayo mwa ana, poti utsi wa nkhuni m'khitchini tonse timaudziwa. Kafukufukuyo anatsata ana oposa 10,000 ku Chikwawa ndi ku Karonga kwa zaka ziwiri, ndipo mapeto ake chibayo sichinachepe. Ine ndinati ndiye kuti ndalama zinangolowa m'madzi. Iye anakana kwamtuwagalu, nati kudziwa kuti chinthu sichikugwira ntchito kumapulumutsa ndalama zimene boma ndi mabungwe akanamwaza pogula mbaulazo m'dzina la chibayo. Sindinagonje msanga, koma mfundo yake ndaimva.

Chimene chandisokoneza mutu kwambiri ndi masamu a katemera wa rota, uja wa madontho amene timadonthezera makanda m'kamwa pa masabata 6 ndi 10 kuwateteza ku kutsegula m'mimba. Anayesedwa kuno ku Blantyre ndi ku South Africa, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2010. Ku South Africa anateteza 77 pa 100, kuno 49 pa 100 basi. Munthu wamba ngati ine ndikanati katemerayu kwathu kuno ndi wolephera. Koma popeza matendawa ndi ochuluka kwambiri kuno, pa makanda 100 alionse olandira katemera, kuno anapulumutsa pafupifupi 7 pa chaka ku kutsegula m'mimba koopsa, pamene ku South Africa anapulumutsa 4. Theka la nkhokwe yaikulu limaposa gawo lalikulu la kankhokwe kakang'ono. Umboni umenewu ndi umene unathandiza kuti bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lilangize mayiko onse kugwiritsa ntchito katemerayu, ndipo ife tinayamba kumupereka mu October 2012, patangotha chaka chiyambireni kupereka katemera wa chibayo mu November 2011. Zaka ziwiri zimenezo ndimazikumbukira chifukwa bokosi linayamba kulemera pa njinga, ndiponso chifukwa m'zaka zotsatira amayi obwera ndi makanda olobodoka, maso atalowa mkati, anayamba kuchepa pakhomo panga. Sindinawawerengere mwa dongosolo, choncho mwana wathuyu akuti umenewo si umboni, ndi nkhani chabe. Tinaseka, koma ine ndikudziwa zimene ndinaona.

Lachisanu

Lero ndinapita naye ku ofesi, ndipo pamaso pa anzake ndinamutchula kuti adokotala, iye n'kumandikodola kuti ndisiye. Anandionetsa mapepala ake aja opemphera kukwezedwa. Muli mndandanda wa nkhani zimene walemba m'magazini a sayansi, ndalama za kafukufuku zimene wapezera sukulu, ophunzira amene wawayang'anira, ndi mayina a mayunivesite a kunja amene wagwira nawo ntchito. Palinso nambala ina imene amaitcha h-index, imene anaiyambitsa katswiri wa sayansi Jorge Hirsch mu 2005. Ngati nambalayo ndi 10, ndiye kuti munthuyo ali ndi nkhani 10 zimene iliyonse yatchulidwa ndi ofufuza ena kosachepera ka 10. Amaiona pa intaneti, pa Google Scholar, ndipo imakwera yokha anthu akamamutchula.

Ndinamufunsa ngati nambalayo imakwera mwana wa ku Tsangano akapulumuka. Anati ayi, imakwera munthu wa ku London kapena ku Baltimore akalemba dzina lake m'munsi mwa nkhani yake. Anavomera yekha kuti muyeso umenewu uli ndi chilema, chifukwa lipoti limene angalembere Unduna wa Zaumoyo, ngakhale litasintha kagwiridwe ka ntchito m'zipatala zonse, silimawerengedwa m'nambalayo, pamene dzina lake likaikidwa pakati pa mayina 40 pa nkhani yotchuka, nambala imakwera ngakhale anangotumiza ziwerengero. Kuno malo a dzina pa nkhani ndi nkhani yaikulu. Dzina loyamba limakhala la amene anagwira ntchito yambiri, lomaliza la mkulu woyang'anira, ndipo apakati ndi othandiza. Kwa zaka zambiri Amalawi ankapezeka pakati, ngati apezeka n'komwe, chonsecho ndiwo ankayenda m'midzi, kumasulira mafunso ndi kupepesa kwa mafumu zinthu zikalakwika. Iye mwini anandiuza za nthawi ina pamene anasonkhanitsa ziwerengero kwa zaka ziwiri, anzake a ku yunivesite ina ya kunja n'kuzitenga kukazisanthula kwawo, iye n'kudzangoona nkhani itatha kale, dzina lake lili pa nambala 6. Kuyambira pamenepo, akuti, asanavomere mgwirizano uliwonse amafunsa zinthu zitatu polemba: ziwerengero zisungidwa kuti, adzazisanthula ndani, ndipo ndi Mmalawi uti amene aphunzirepo digiri.

Sikuti zonse n'zodandaulitsa. Anandiwerengera ntchito zimene Amalawi anatsogolera, dzina lili patsogolo. Newton Kumwenda ndi anzake anaonetsa mu 2008, pa makanda oposa 3,000 a kuno ku Blantyre, kuti kumwetsa khanda mankhwala a nevirapine kwa masabata 14 kumachepetsa ndi theka kutenga HIV kudzera m'kuyamwa. Kamija Phiri anatsogolera kafukufuku amene anatuluka mu 2012, woonetsa kuti ana amene anagonekedwa chifukwa cha kuchepa kwa magazi kobwera ndi malungo amakhalabe pa chiopsezo akatuluka m'chipatala, ndipo kuwapatsa mankhwala a malungo m'miyezi yotsatira kumachepetsa kubwereranso m'chipatala ndi imfa. WHO inaika njira imeneyi m'malangizo ake mu 2022. Augustine Choko, pamodzi ndi Liz Corbett, anaonetsa mu 2011 kuti anthu a m'makwalala a Blantyre angathe kudziyeza okha HIV ndi kachipangizo kopaka m'kamwa ndipo amawerenga zotsatira molondola, ndipo mu 2016 WHO inavomereza kudziyeza wekha. Kuchokera pa zotsatira kufika pa lamulo pamadutsa zaka, penapake 5, penapake 10, ndipo wofufuzayo amayenera kumapita ku misonkhano ya unduna ku Lilongwe kukabwereza mfundo yomweyo mpaka imveke.

Ndinafunsanso kuti ndani amateteza anthu ngati mayi wa tomato uja kuti asapusitsidwe. Anati kafukufuku aliyense asanayambe amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, monga COMREC ya pa sukulu yawo kapena komiti ya dziko lonse ya ku unduna, ndipo munthu ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse osataya mwayi wa chithandizo. Pa pepala zili bwino. Nkhawa yanga, imene ndinamuuza mosabisa, ndi yakuti kwa mayi wosauka amene akudziwa kuti m'kafukufuku mwana wake aonedwa msanga ndipo ndalama yoyendera abwezeredwa, mawu oti ayi amalemera kuwatchula. Sanatsutse.

Muzu wa zonsezi ndi ndalama. Pafupifupi kafukufuku yense wamkulu amene ndamva sabata ino analipiridwa ndi mabungwe a kunja, ndipo mwini ndalama amakhala ndi mawu pa funso limene lifufuzidwe. Boma la America litaimitsa thandizo lambiri la zaumoyo kumayambiriro kwa 2025, mantha anagwira aliyense wogwira ntchito zoterezi, kuyambira mapulofesa mpaka madalaivala ndi atsikana olemba mayina m'makomo. Mwana wathuyu akuti matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akukula m'mizinda ndi m'midzi momwe, koma kupeza wolipirira kafukufuku wa zimenezo n'kovuta kuposa wa malungo kapena HIV.

Loweruka

Nkhungu yachoka, ndipo phiri la Soche laonekera ndi zipsera zake, mikwasa yofiira imene madzi ndi miyala zinatsikira mu March 2023 pa namondwe wa Freddy. Tinapita ku Chilobwe. Miyala ikuluikulu, ina yoposa nyumba, ikadali pamene inaima, ndipo pambali pake anthu amanganso. Sindinafunse munthu aliyense mafunso kumeneko.

Namondweyo anapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022, waukulu kuposa ina yonse m'mbiri yathu, umene unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Ine nthawi imeneyo ndinali kuthira klorini m'zidebe za anthu ndi kutumiza ziwerengero ku boma madzulo alionse. Mwana wathuyu anati ziwerengero ngati zimenezo ndi zimene anthu a ntchito yake ankaziika pa mapu kuti aone kumene matenda akulowera, ndipo mapuwo ndi amene ankathandiza posankha kumene katemera wochepa amene analipo apite. Pa kolera, anatero, palibe chinsinsi chimene chatsala kuti chifufuzidwe pa za gwero lake, pakuti John Snow anaonetsa kale ku London mu 1854 kuti amayenda ndi madzi akumwa. Chimene chikusowa ndi mipopi ndi zimbudzi, ndipo zimenezo wofufuza sangazimange ndi nkhani ya m'magazini.

Pobwerera tinadutsira pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamalizidwa mu 1891, chifukwa sindikanafuna kukauza anthu kumudzi kuti ndinafika ku Blantyre osachiona. Tinakhalapo mphindi zochepa.

Lamulungu

Usiku wathawu anandiwerengera ndime imene walemba yofotokoza phindu la ntchito yake. Ndinamuuza kuti achotse mawu awiri okometsera ndipo atchule alangizi a zaumoyo amene anamusonkhanitsira ziwerengero, ngakhale pa mzere umodzi wokha. Anawonjezera mzerewo ine ndikuona.

Pa Wenela, basi isanadzaze, anandifunsa kuti makaundula anga akale a sikelo ndi a kliniki ya m'mudzi ali kuti. Akuti ngati alipo kuyambira 2008 mpaka 2023, angathe kuwerengera ana otsegula m'mimba chaka ndi chaka, n'kuona ngati zimene ndinanena Lachinayi zija zili zoona, bola apemphe kaye chilolezo ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi ku komiti ija. Ndikukumbuka kuti ndinawasiya m'makatoni atatu m'chipinda chosungiramo katundu pa chipatala chathu chaching'ono, pafupi ndi khoma limene limalowa chinyontho nthawi ya dzinja, ndipo chiswe kumeneko sichisowa. Ndalemba izi tikudutsa pa mlatho wa Shire pa Zalewa. Mawa m'mawa ndipalasa njinga kukapempha kiyi kwa a in-charge kuti ndikaone amene atsala.